Ndinamupempherera Osamufunsa

Ugadiyani sindinaufunsire, unangondigwera. Kwa abale a mwamuna wanga, amene amakhala kumudzi cha ku Engutwini, ine ndine wa pa Boma, ndipo munthu wa pa Boma amayenera kukhala ndi mphasa yapadera ndi miyendo yosatopa. Wina akathyoka mkono kapena mwana akayamba kukomoka, amangomukweza minibasi n'kundiimbira foni ali kale m'njira. Ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina kufupi ndi msika wa Mzimba, koma masiku ambiri makina anga akhala ofunditsidwa chitenje ine ndili pabenchi ya kuchipatala, kabuku ka munthu wina kali m'manja. Ndinazolowera mpaka ndinayamba kunyada nazo. Ndinkadziwa khomo loyambira ndi khomo lomalizira, ndipo odwala anga sankavutika n'kutsegula pakamwa pamaso pa adokotala. Ndinkawayankhira ndine.

Mkazi wa mlamu wanga anabwera nthawi yozizira, chimanga chitalowa kale m'matumba. Mwamuna wake, mng'ono wa mwamuna wanga, ali ku Joni monga amuna ambiri a kuno. Amabwera pa Khirisimasi, amasiya wailesi, mabulangete ndi mimba, n'kubwerera. Anali ndi ana atatu: mtsikana wa sitandade 3, mnyamata wosayamba sukulu, ndi khanda la miyezi isanu ndi inayi. Ine ndinkamutcha mng'ono wanga, iye ankanditcha asisi, ndipo pa akazi onse okwatiwa pamudzi paja ndi yekhayo amene ankandiseka poyera ndikamapotoza Chitumbuka. Ndine wa ku Kasungu, ndipo zaka makumi awiri za ku Mzimba sizinawongole lilime langa.

Tsiku limenelo sanandiseke. Anatsika pakabaza n'kukhala pansi pakhonde, mwana akulira kumsana, iye maso ali pakhoma la sitolo yoyang'anizana nafe. Anali ataonda mpaka bulauzi imene ndinamusokera ndekha inkangolendewera m'mapewa. Apongozi aakazi anali atandiimbira m'mawa. Anati ayesa za vimbuza, ng'oma zalira, palibe chasintha, ndiye ndikamupimitse magazi.

Kuchipatala anatizunguza pang'ono, kenako anatilozera chipinda chakumapeto kwa khonde. Aliyense wa pa Boma amachidziwa chipinda chimenecho. Anthu okhala pabenchi yake amakonda kuwerama n'kumaseweretsa foni, kapena kufunda chitenje kumutu ngakhale kunja kukutentha. Mkati munali namwino wamng'ono kwa ine, wolankhula mosathamanga. Anatilonjera, n'kufunsa mng'ono wangayo chimene chikumuvuta.

"Sagona, sadya, salankhula," ndinayankha ine. "Mwana akalira amangomuyang'ana. Zayamba atangobereka."

"Zikomo mayi," anatero namwinoyo, "koma ndikufunsa iwowa."

"Ine ndine gadiyani."

"Ndamva. Koma odwala ndi iwowa."

Kenako anasendeza mpando n'kuyamba kulankhula naye m'Chitumbuka, pang'onopang'ono. Anamuuza kuti zimene anene m'chipindamo n'zake, sizituluka popanda iye kuvomera, pokhapokha moyo wake kapena wa mwana utakhala pangozi, ndipo ngakhale pamenepo adzayamba wamuuza iye mwini. Atatero anamufunsa ngati akufuna kuti ine ndikhale mkati kapena ndidikire panja. Ine ndinatsala pang'ono kuseka. Ndinkaona ngati ndi funso la mwambo chabe, longa lofunsa mlendo ngati adye.

Mng'ono wanga anayang'ana pansi. Kenako anati, "Asisi adikire kaye panja."

Ndinapsa mtima, ndisaname. Ndinamasula mwana kumsana kwake mwaukali n'kutuluka naye. Pabenchi paja ndinkangoyankhula ndekha chamumtima. Ine amene ndatseka makina, ndasiya madiresi a ukwati wa anthu osapinda m'munsi, lero ndasanduka wogwirizira mwana? Ndipo kanamwino aka kanabadwa liti, koti kandiphunzitse ugadiyani? Ndinakhala pamenepo pafupifupi ola lathunthu. Amayi awiri a kutchalitchi kwathu anadutsa, ndipo ndinadzipeza nanenso ndikuwerama.

Atandiitana, ndinapeza maso a mng'ono wanga ali ofiira koma nkhope yake itamasuka pang'ono. Namwino anati, "Avomera kuti ndikuuzeni zina, osati zonse." Anafotokoza kuti ndi matenda a maganizo amene amagwira amayi ena akabereka, si ufiti, si ulesi, ndipo amachizika. Za mankhwala sanauze ine. Anatembenukira kwa mwini wake n'kumuuza kuti ndi kapilisi ka tsiku lililonse, kuti masabata oyamba akhoza kumamva tulo masana ndi kuuma kukhosi, kuti akhoza kuyamwitsa, ndiponso kuti ali ndi ufulu wokana. Mng'ono wanga anafunsa ngati adzamwa moyo wake wonse. Anafunsanso ngati mwana sadzakhala wopusa. Atayankhidwa anati, "Enya, ndimwa."

Chotsala chinali cholemera, ndipo ananena yekha, namwino atangomugwira dzanja. Anati kawiri konse anaima m'nyumba mwake atagwira botolo la mankhwala opopera fodya, akufuna kumwa. Namwino anati nkhani imeneyi ikufunika munthu mmodzi woidziwa, woti aziyang'anira, ndipo mwini wake wasankha ine. Anamufunsa ngati pali winanso amene angafune kuti adziwe, kaya mwamuna wake, kaya apongozi.

"Palije," anatero. Palibe.

Ukali wanga wonse unathera pomwepo. Ndinachita manyazi, komanso ndinanyada, chifukwa munthu wosankhidwa amanyada ngakhale atasankhidwira katundu.

Pobwerera tinayenda wapansi, ndipo m'njira anandiuza chimene ankaopa. Kutsidya kwa dambo la kwawo kunali mayi wina amene anadwala chonchi zaka zapitazo. Abale a mwamuna wake anamuperekeza kwa makolo ake kuti akapume, ana anatsala, ndipo mpaka lero akupumabe.

"Asisi, kwanu ku Kasungu mkazi akachoka amanyamula ana ake," anatero. "Kuno ng'ombe za lobola zinapita kale, ana ndi a pamudzi. Akangomva kuti ndimalowa chipinda chija, mbwenu ndipita ndekha. Ndapota, musawauze yayi."

Ndinamuuza kuti pakamwa panga ndasoka ndi ulusi wosokera jini. Anamwetulira pang'ono, koyamba tsiku lonse.

Vuto loyamba linali malonje. Kumudzi kwa mwamuna wanga, ukabweza wodwala sumangomutula ngati thumba. Umakhala pamphasa, apongozi aamuna pampando wawo wa ndalema, apongozi aakazi chapambali, n'kufotokoza zonse kuyambira pamene munadzuka: munakwera chiyani, munapeza mzere wotani, adokotala anagwira pati, ananena chiyani. Ukamaliza umapereka kabuku ka kuchipatala ndi manja awiri, ndipo amakasunga apongozi m'sutikesi. Malonje amenewa ndinkawakonda, ndinkatha kuwathira mchere mpaka anthu kuseka. Ulendo uno ndinanama. Ndinati ndi magazi ochepa ndi kutopa kwa uchembere, ndipo kabuku katsala pa Boma chifukwa adokotala azikafuna mwezi uliwonse.

Apongozi aakazi si munthu woipa. Anabereka ana asanu ndi awiri, anaika m'manda atatu, ndipo adzukulu awo amawakonda kuposa maso awo. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Magazi ochepa amayang'anitsa munthu khoma?" Ndinati adokotala atero. Ndisanachoke ndinapempha apongozi aamuna kuti asamutse mabotolo a mankhwala a fodya m'nyumba ya mng'ono wangayo, ati fungo lake likutsokomoletsa khanda. Anandiyamikira chifukwa cha nzeru, n'kuwatsekera m'nyumba mwawo.

Kuyambira pamenepo mng'ono wanga ankabwera mwezi uliwonse. Kabuku kake kankakhala m'kadirowa ka makina anga, pansi pa mabatani ndi mazipi. M'chipinda chija ankalowa yekha, ine n'kutsala ndi mwana, ndipo sindinkakwiyanso. Pang'onopang'ono munthu anayamba kubwerera. Mwezi wachitatu anadya mbale yonse ya mpunga n'kundiuza kuti nyemba zanga zilibe mchere. Mwezi wachinayi anandikonza Chitumbuka pamaso pa kasitomala. Pofika nthawi yofesa nazale ya fodya anali akudzuka yekha kukathirira, ndipo bulauzi ija inayambanso kumukwana.

Iye ankachira, ine ndinkatopa. Sindinadziwe kuti kusunga nkhani ya munthu ndi ntchito ya tsiku lililonse. Mlamu wanga ankaimba kuchokera ku Joni kufunsa kuti magaziwo akudzaza liti. Apongozi ankafunsa kabuku. Mwamuna wanga, amene ndi mphunzitsi ndipo sakonda nkhani zosamveka, ankati, "Kodi magazi ake akudontha pena pake?" Bodza lililonse linkafuna linzake loligwirizira, ndipo ndinkayenera kukumbukira kuti uyu ndinamuuza chiyani, uyu chiyani. Choposa zonsezo chinali mantha. Foni ikalira m'mawa n'kuona kuti ndi nambala ya kumudzi, mtima unkandilumpha. Ndinali ndekha padziko lonse amene ndinkadziwa za botolo lija, kupatula namwino, ndipo namwino sankalira nawo maliro a pamudzi paja. Nthawi zina ndinkamukwiyira mng'ono wangayo chifukwa chondisankha. Ndinalibe woti ndimuuze ngakhale zoti ndatopa, chifukwa akanafunsa kuti watopa ndi chiyani.

Mu Januwale mvula inagwa sabata yathunthu osakata. Tsiku lake lobwera linali Lachiwiri, ndipo sanabwere. Ndinaimba foni yake, yozima. Lachitatu chimodzimodzi. Sindikanatha kuimbira apongozi kawirikawiri, chifukwa akanadabwa kuti magazi ochepa akundithamangitsa chonchi bwanji. Mapilisi ake ndinkadziwa kuti atha kapena atsala pang'ono. Ndinasoka kolala ya shati chozondotsa, n'kumasula, n'kusokanso chozondotsa. Lachinayi masana ndinavala bulauzi yoyera ndi duku n'kupita kumapemphero a amayi, mutu ukuwawa.

Ife amayi a Lachinayi timamuuza Mulungu zinthu mwatsatanetsatane, ngati Iye ndi mlendo m'boma la Mzimba. Ikafika nthawi ya zopempherera, aliyense amagwada n'kutula zake mokweza: mwamuna wa uje wayambanso mowa, mwana wa uje walephera mayeso kachiwiri, uje dotolo wamupeza ndi chotupa. Sitimaona ngati miseche, chifukwa maso amakhala otsinzina ndipo pamapeto pamabwera ameni. Ndinakulira m'mapemphero otere ndipo sindinawakayikirepo. Pa zaka zonsezi palibe tsiku limene ndinamva wina akuti, kodi mwini nkhaniyi wavomera kuti tiinene pano?

Itafika nthawi yanga ndinagwada, ndipo zonse zinangotuluka. Dzina sindinatchule, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkadzitonthoza ndi zimenezo. Ndinati, Ambuye, mukumudziwa mwana wanu wa pabanja pathu, amene maganizo ake anasokonezeka chiberekereni, amene akulandira mankhwala kuchipinda chakumapeto chija, amene Satana anamugwiritsa botolo la poizoni kawiri konse. Ndinati sindikudziwa ngati ali moyo lero. Ndinalira mpaka mamina. Amayi anzanga anandizungulira, anandisanjika manja, ena analira nane. Ndinatuluka m'tchalitchimo thupi litapepuka koyamba m'miyezi isanu ndi iwiri. M'maganizo mwanga ndinali nditauza Mulungu, osati anthu.

Koma amayi aja ndi makasitomala anga. Ankamuona mkazi wa mwana kumsana amene amatsika pakhonde langa mwezi uliwonse. Ena anandionapo pabenchi ija. Panalibe chovuta kuwerengera.

Mawa lake m'mawa mng'ono wanga anatulukira, matope mpaka m'mawondo, atanyamula bowa m'kabeseni. Anali akuseka. Mtsinje unadzaza, njinga zamoto sizinkaoloka, ndipo foni inatha moto chifukwa sola ya apongozi sinaone dzuwa sabata yonse. Mapilisi anali atamutsalira awiri. Ndinamukalipira kwambiri, iye n'kumangoti, "Asisi, mumandikonda chomene." Za pemphero sindinamuuze. Ndinkaganiza kuti zathera m'tchalitchi.

Mmodzi wa amayi aja ali ndi mchemwali wake wokwatiwa mudzi woyandikana ndi wa apongozi. Ndinamva pambuyo pake kuti anamuimbira ndi mtima wabwino, kuti nawonso kumeneko azimukumbukira m'mapemphero. Sindingamuimbe mlandu. Anachita zomwe ndinachita ine.

Patapita masabata atatu, mwamuna wanga anabwera pakhonde la sitolo nthawi ya sukulu, chinthu chimene sachita. Sanandipatse moni. Anatsegula kadirowa ka makina, anafufuza pansi pa mabatani, n'kutulutsa kabuku kaja. Anawerenga ataimirira pomwepo, tsamba ndi tsamba, anthu akudutsa. Zolemba za kuchipatala zimakhala m'Chingerezi chokhotakhota, koma iye ndi mphunzitsi. Atamaliza anati, "Miyezi yonseyi ukudya nane mbale imodzi?" Kenako anati Loweruka tikufunika kumudzi.

Tinakumana m'chigafa cha fodya chifukwa kunja kunkawaza mvula. Apongozi onse awiri analipo, mwamuna wanga, azakhali ake a mwamuna wangayo, ine, ndi mng'ono wanga atakhala pansi chakumapeto, mwana ali pamiyendo. Foni anaiika pampando itatsegulidwa sipika kuti mlamu wanga azimva ali ku Joni. Ndinkayembekezera kukalipa, ndipo kukalipa ndikanakutha, chifukwa inenso pakamwa ndili napo. Koma palibe anakweza mawu. Onse ankalankhula mwachifundo, ndipo ankanena za iye ngati wachoka kale. Azakhali anati mwana wa eni ake wavutika. Apongozi aamuna anati akapume kwa makolo ake mpaka mutu ukhazikike. Ana atsale, poti wamkulu ali pasukulu, ndipo wamng'onoyu wakula, akhoza kusiya bere.

Ndinapempha kulankhula. Ndinati munthuyu wachira, mukumuona nokha, fodya ali m'chigafa munoyu wathyola ndi iyeyo. Ndinati namwino akuti matendawa amatha, ndipo chimene chingawabweze ndi kumulanda ana.

Apongozi aakazi anandiyankha mofatsa. "Inu munatiuza kuti ni magazi. Tinakukhulupirirani. Lero tikhulupirire ziti?" Kenako anati, "Mabotolo aja munatichotsetsa chifukwa cha chifuwa cha mwana, eti? Munthu wagwira poizoni kawiri, ife tikugona osadziwa, mdzukulu wathu ali kumsana kwake. Chikanachitika chinthu mukanatiuza vichi?"

Mpaka lero ndikaganiza funso limenelo sindilipeza lopusa. Iwonso ankaopa monga ndinkaopera ine. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anali ndi mphamvu yochitapo kanthu pa mantha awo.

Mng'ono wanga anayesa kamodzi. Anati, "Ine ndili makora sono, ndikumwa mankhwala." Azakhali anagwedeza mutu mwachisoni n'kunena kuti odwala otere onse amatero. Pafoni paja mlamu wanga anatsokomola, n'kunena kuti iye ali kutali, zimene agwirizana akuluakulu ndi zomwezo. Kenako foni inaduka, ndipo palibe anaimbanso.

Ndinamutsatira kunyumba kwake kukamuthandiza kulongedza. Ankapinda zovala mosamala, zake payokha, za ana payokha. Za ana ankaziika pampando kuti agogo awo asavutike kuzipeza. Sanandiyang'ane.

"Asisi, ndimwe?"

Ndikanatha kunamizira kabuku, kapena anthu a pabenchi. Koma ndinali nditatopa ndi mabodza. Ndinati, "Ndinangokupempherera. Unasowa masiku atatu, ndinkaganiza kuti wafa. Dzina sindinatchule."

Anapitiriza kupinda kadiresi ka mwana wake wamkazi. Atamaliza anati, "Anesi aja ni munthu wachilendo, koma chilichonse ankandifunsa. Ndikupime? Ndilembe ichi? Ndiwauze asisi? Imwe mukanangondifunsa kuti ndikupempherere pagulu, ndikanati yayi, mundipempherere chamumtima. Chiuta si wogontha."

Sanalire, sanatukwane. Ndikanakonda akananditukwana. Anamuyamwitsa mwana komaliza atakhala pakhomo, n'kukamupereka yekha m'manja mwa apongozi. Mawa lake mchimwene wake anabwera ndi njinga yamoto kudzamutenga, kwawo ndi kufupi ndi malire a Kasungu.

Lolemba ndinapita kwa namwino uja. Ndinamufotokozera zonse, ndikuyembekeza kuti andikalipira, mwina ndipepukidwe. Sanatero. Anavula magalasi n'kupukuta m'maso ngati munthu amene nkhani yotere si yoyamba kuimva. Ndinamupempha kuti alembe kalata yopita kwa apongozi yonena kuti munthuyu ali bwino ndipo akhoza kulera ana ake. Anati kalata akhoza kulemba, ngakhale kulankhula ndi banja lonse akhoza, koma apemphe mwini wake. Ndinaimbira mng'ono wanga, sanayankhe. Ndinaimba sabata yonse. Pamapeto pake ndinatumiza uthenga kudzera kwa mchimwene wake, ndipo yankho linabwera lalifupi. Anati za iye zisayendenso m'mapepala kapena m'kamwa mwa anthu, zayenda mokwana.

Ndinakwiya nalo yankho limenelo, chifukwa ndinkaona kuti kalata ikanathandiza. Mwina ikanathandizadi. Ndinaganizapo zopita ndekha kwa abusa, kapena kwa a zachitukuko cha amayi, kukafotokoza nkhani yonse kuti amuthandize. Ndinafika povala nsapato. Kenako ndinaona kuti ndikufuna kuchitanso zomwe zija, kumuthandiza munthu ndi nkhani yake iye atakana. Ndinavula nsapatozo n'kukhala pamakina.

Papita chaka ndi miyezi ingapo. Ngati akumwabe mankhwala sindikudziwa, ndipo si ine woyenera kudziwa. Mlamu wanga anabwera pa Khirisimasi, anakhala masabata atatu, kwa apongozi ake sanapondeko. Odwala a kumudzi akubwerabe kwa ine, chifukwa wa pa Boma wina palibe, koma malonje anga sawamveranso, amangolandira kabuku. Lachinayi ndimapitabe. Ikafika nthawi yanga ndimagwada n'kukhala chete, ndipo amayi ena amati ndazirala pauzimu.

Sukulu zitatsala pang'ono kutsegulidwa, apongozi anatumiza mtsikana wamkulu uja kuti ndidzamuyeze yunifomu. Watalika, ndipo akayamba kulankhula amapendeketsa mutu ngati mayi ake. Anaima pakhonde atatambasula manja, ine ndikuzunguliza tepi m'chifuwa mwake. Anadikira mpaka kasitomala amene analipo atachoka.

"Amama akulu, kusukulu akuti amama ni amisala. Ni zoona?"

Yankho lonse linali pa lilime langa. Ndinkafuna kumuuza kuti si misala, kuti mayi ake anadwala monga munthu aliyense amadwalira, kuti analimbana nawo matendawo chifukwa cha iyeyo ndi abale ake. Koma sindikanatha kunena zimenezi osatsegula zina zonse, ndipo mwini wake anali atanena kale mawu ake. Nkhani imene ndinaikhuthula pamaso pa amayi odzaza tchalitchi ndinalibe chilolezo choiuza mwana wake yemwe.

"Amama ako si amisala," ndinatero. "Zina zonse adzakuuza okha, ukawafunse."

"Ndikawafunse kuti? Agogo akuti sitipitako." Anayang'ana foni yanga imene inali pamakina. "Imwe muli ndi foni. Waimbireni, ndilankhule nawo."

Ndinamuuza kuti nambala yanga mayi ake sayankha.

"Chifukwa?"

Funso limeneli lokha linali langa, panalibe woti ndikamupemphe kaye. Ndinati, "Chifukwa ndinawalakwira. Anandisungitsa kanthu, ine sindinasunge."

Mwanayo anaganiza pang'ono, manja akadali otambasula. Nkhope yake inawala ngati wapeza njira imene akuluakulu tonse tinaiphonya.

"Mbwenu mukapepese, kuti abwere."

Ndinavomera ndi mutu, ndikudziwa kuti ndikunamizanso munthu wina wa banja lomwelo, ndipo ndinamuuza kuti atembenuke ndimuyeze kumsana.